Lachisanu Limene Ndinaweruza Makina Awiri

Gemu imeneyo ndinaiona pa makina atatu. Pa makina oyamba inali yokongola. Pa awiri enawo inandinyansa, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a nsomba pa zala za munthu, ndimakumbukira m'mawa umene anandiimika pakati pa makina awiriwo kuti ndiweruze.

Nditamaliza Sitandade 8 kwathu ku Katuli, alamu anga anandipezera ntchito yosesa pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, kufupi ndi Nkope. Pakona pa chipinda chomweramo panali chimakina chachitali ngati kabati ya zovala. Chinali ndi galasi loimirira, kandodo kamodzi ndi batani lofiira. M'galasimo munali mdima wa bii, nyenyezi zofiira ndi zabuluu zikuyenderera pang'onopang'ono. M'munsi munali kandege. Kumwamba kunkalowa tizilombo ta mapiko, tikuzungulira ngati mpheta zikamatera m'munda wa mpunga, kenaka n'kufola m'mizere. Kamodzikamodzi kankachoka pamzere n'kutsika mokhotakhota kudzagunda kandege kaja. Wosewera ankazemba ndi kuwombera. Chinali ndi nyimbo yake yoyambira, ndipo kachilombo kakaphulika, phokoso lake unkalimva m'chifuwa.

Ife antchito sitinkaloledwa kuponyamo ndalama. Koma chimakinacho pakakhala popanda munthu chinkadzisewera chokha pofuna kukopa alendo. Sabata yoyamba zimenezi sindinazidziwe. Ndikamaliza kusesa ndinkagwira kandodo kaja, mtima uli m'malere, ndikukhulupirira kuti kandege kakumvera ine. Wophika wina ndiye anandipeza, n'kuseka mpaka kugwira khoma.

"Iwe wa ku Katuli, tachotsa dzanjalo uone ngati chiime!"

Ndinachotsa dzanja. Kandege kanapitiriza kuwombera. Kuyambira tsiku limenelo kandodo sindinakagwirenso, koma kuyang'ana sindinasiye. Miyezi yonse imene ndinakhala pamenepo ndinkayang'ana m'mawa uliwonse, mpaka gemuyo ndinaidziwa ngati njira ya kuchitsime.

Zinali zaka zija anthu a ku Mozambiki ankathawa nkhondo n'kumadzaza midzi yathu ya m'malire. Ku boma la Mangochi kunali ofesi ya bungwe lina lothandiza othawa nkhondo, ndipo ankafuna munthu wolemba bwino, wodziwa Chiyao, kuti maina a anthu asamapotozedwe. Aphunzitsi anga akale ananditchula. Ndinasiya tsache n'kukhala wolemba maina, ndipo ndinaphunzira kutaipa ndi zala ziwiri.

Kompyuta inali imodzi yokha, ya galasi lobiriwira, ndipo tikaweruka tinkaifunditsa nsalu. Payokha sinkasunga kanthu. Zonse zinkakhala pa disiki, kanthu kakuda kopyapyala kamene tinkalowetsa pakamwa pake. Ukalowetsa disiki ya maina, inkadziwa maina. Ukaitulutsa n'kulowetsa ina, maina onse inkawaiwala. Ntchito ziwiri nthawi imodzi sinkatha.

Munthu amene dzina lake lasowa m'kaundula ankabwera kudzadzaza fomu. Ine ndinkataipa mafomuwo motsata mmene anthu afikira, banja lonse dzina ndi dzina. Lachisanu lomaliza la mwezi mndandandawo unkasindikizidwa, akalaliki aakulu n'kusaina ndi kudinda chidindo, n'kupita ndi lole ya ufa ndi nyemba. Amene anali pa pepalalo ankalandira mwezi umenewo. Amene panalibe ankadikira mwezi wina. Ndipo Lachisanu ofesi inkatsekedwa ku mzikiti akangoitana, chifukwa adalaivala a loleyo ankapita kukaswali, pamene akalaliki aakulu ankathamangira basi ya ku Zomba kumene kunali banja lawo, makiyi ali m'thumba.

Akalaliki aakuluwo tinkangowatchula kuti abwana. Anali ndi disiki ina imene ankasunga m'dirowa, ya gemu ija. Adalaivala nawo anali atagula kwa munthu wina wochokera ku Joni kabokosi kolumikiza ku tivi, ndipo pa kaseti yake panali gemu yomweyo. Nthawi imeneyo m'dziko muno munalibe siteshoni ya tivi, choncho tivi yawoyo ntchito yake inali mavidiyo ndi kabokosi kameneka basi. Akuluakulu awiriwa anakangana masabata ambiri kuti yeniyeni ndi iti. Tsiku lina ndikupukuta tebulo ndinangotulutsa mawu kuti ndinaionapo ku hotela. Kulakwa kwanga kunayambira pomwepo.

Abwana anandiitana pandekha. "Si yofanana ndi yangayi?"

"Eya, abwana, ndi yomweyi."

Lamlungu lake adalaivala ananditengera kwawo, n'kundipatsa tiyi wa mkaka. "Mphwanga, nena zoona. Si mapasa ndi ya ku hotela?"

"Eya, ndi mapasa."

Kwathu mwana sauza wamkulu kuti chinthu chake n'choipa, makamaka atamwa tiyi wake. Ndinkaganiza kuti nkhaniyo yathera pomwepo.

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anakwatiwa kutsidya kwa malire ine ndisanabadwe. Nkhondo itafika m'mudzi mwawo anabwerera kwathu ndi adzukulu atatu ndi mphika umodzi. Analembedwa bwinobwino, koma khadi lawo linanyowa ndi mvula n'kusungunuka, ndipo pa kalembera wotsatira dzina lawo linasowa. Mwezi umodzi unali utadutsa kale osalandira. Inali nyengo ya mvula, nkhokwe ya bambo ili mbee, ndipo kunyumba ankadya phala la gaga kamodzi pa tsiku. Lachinayi la sabata yomaliza ya mweziwo azakhali anatulukira pa ofesi, mapazi ali matope okhaokha.

"Akuti tili ndi mwana mu ofesi," anatero. "Ndiye ndabwera kwa mwanayo."

Ndinawadzazira fomu n'kuiika pansi pa mulu, chifukwa anali omaliza kufika. Muluwo unali wautali. Magetsi anali atazima Lachitatu ndi Lachinayi lonse, ndipo anthu ankagona pakhonde kudikira. Ndinawerengera kuti magetsi akayaka, ine n'kuyamba 8 koloko osadzuka pampando, ndimaliza mafomu onse asanaitane ku mzikiti. Ndinawauza azakhali kuti asadandaule.

Lachisanu magetsi anayaka. Ndinafika m'mamawa, ndinavundukula kompyuta, ndinalowetsa disiki ya maina. Ndinali nditataipa mafomu awiri okha pamene lole inaima panja. Adalaivala analowa chambuyo atakumbatira tivi yokutidwa ndi chitenje cha akazi awo, kabokosi kali m'khwapa, zingwe zikukwekweza pansi.

"Lero ndi lero, abwana mkubwa! Ajaji ali pomwepa. Munthu mmodzi atuluka muno akulira."

"Che Dalaivala, mwabweretsa wailesi ya ana mu ofesi ya anthu ophunzira?" anatero abwana, koma maso awo akuwala. "Iwe, tatulutsa maina akowo. Mphindi khumi zokha."

Ndinayang'ana mulu wa mafomu. Ndinayang'ana abwana. Ndinatulutsa disiki ya maina.

Anatseka chitseko ndi mawindo, n'kukoka makatani kuti anthu a pakhonde asaone. Kutentha kwa Mangochi kunatsekeredwa momwemo pamodzi nafe. Abwana anali atagula mitu ya chambo yokazinga, yokulunga m'nyuzipepala. Ankatafuna, n'kulavulira minga pa pepalalo, zala zomwezo n'kumakanikiza mabatani a kompyuta. Mabatani amene ine ndinkapukuta ndi kansalu m'mawa uliwonse anayamba kunyezimira mafuta. Pa batani lalitali la m'munsi panakakamira mamba. Adalaivala anavula nsapato. M'chipindamo munadzaza fungo la thukuta, nsomba ndi masokosi, ndipo ntchentche ziwiri zimene zinatsekeredwa nafe zinkasinthana pakati pa mitu ya chambo ndi galasi la kompyuta.

Ya pa kompyuta ndiyo inayamba. Tinadikira disiki ikukukuta ngati khoswe m'denga. Gemu itatuluka, zonse zinali zobiriwira: kandege kobiriwira, tizilombo tobiriwira, zipolopolo zobiriwira, mtundu wa ndowe ya ng'ombe yodya msipu watsopano. Nyenyezi kunalibe. Tizilombo tinalipo tonse, mizere yake yokwanira ngati ku hotela, koma mapiko sitinkakupiza. Tinkadumpha pang'onopang'ono ngati nsikidzi zothawa nyali, ndipo kalikonse kankasiya chithunzithunzi chake kumbuyo ngati mamina. M'malo mwa nyimbo munkatuluka kulira kumodzi, tii, tii, tii, ngati udzudzu wolowa m'khutu. Abwana akawombera, kulira kwa tizilombo kunkaima, chifukwa makinawo sankatha kutulutsa maphokoso awiri nthawi imodzi.

"Mwaona mizere? Werengani, Che Dalaivala. Onse alipo."

"Alipo, koma akudwala. Kodi munawapatsa khadi la ufa amenewa?"

Anaseka onse awiri. Ine sindinaseke, ndipo palibe amene anaona.

Kenaka ya pa tivi. Iyi inali ndi mitundu, koma mitunduyo inkasefukira kunja kwa zinthu ngati chitenje chotsika mtengo chikachapidwa koyamba. Galasi la ku hotela linali loimirira, la tivi logona, choncho zonse zinaphwanyidwa: kandege kanali konenepa ngati chule wopondedwa ndi galimoto, tizilombo tili pafupi ndi mphuno yake. Mzere umodzi wathunthu unali utasowa. Tizilombo tikachuluka pamalo amodzi tinkaphethira, kuoneka n'kusowa, mpaka maso kuwawa. Nyimbo inalipo, koma inkatuluka m'sipika yong'ambika ngati mbuzi yomangidwa pakhosi.

"Nyimbo imeneyo! Mwaimva? Yanuyo imaimba?"

"Mzere wachinayi uli kuti? Munagulitsa panjira?"

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa 9 koloko. Anati jaji asewere yekha, aone kukoma kwake m'manja. Ndinakhala pa kompyuta, zala zikuterera pa mafuta, ndipo ndege zanga zitatu zinaphulika ndisanapume kawiri. Pa tivi zinali chimodzimodzi.

"Katswiri wathu wa ku Nkope uja ndi ameneyu?" anafunsa adalaivala.

Ndinaulula, nditaweramitsa mutu, kuti ku hotela ndinkangoonerera.

"Palibe kanthu," anatero abwana. "Woimbira mpira sagoletsa. Maso uli nawo. Nena, yabwino ndi iti?"

"Zonse zili bwino, abwana. Iliyonse ili ndi ubwino wake."

"Aaa, iwe! Chilungamo cha kwa amfumu chimenecho, chogawa mbuzi pakati. Yang'ananso bwino."

Anayambiranso. Abwana anasewera pa tivi kuti aonetse kuti ndi yosavuta, adalaivala pa kompyuta kuti aonetse kuti mabatani ake ndi opusa. Aliyense akafa ankati manja anaterera, ayambirenso. Kawiri konse ndinafuna kutchula mafomu, kawiri konse ndinaopa. Itakwana 10 koloko ndi theka, abwana anandituma kukagula zakumwa zoziziritsa kukhosi pa golosale ya kutsidya kwa msewu.

Nditatuluka, mpweya wa panja unandiwomba ngati madzi. Anthu anali atakhala pakhonde ndi pansi pa mtengo wa mango, chete, ana ali pamiyendo. Azakhali anali pa mkeka umene anawagawira mkulu wina wa kofia yoyera, amene anafika Lachitatu. Fomu ya mkuluyo ndinadzaza ndine: anthu asanu ndi awiri, awiri mwa iwo ana oyamwa. Kudzera m'mawindo otsekawo kunkamveka tii, tii, tii, ndi kuphulika kwa pa tivi.

Azakhali anandikodola. "Mwanangu, tikumva makina akulira kuyambira m'mawa. Ndiye kulembako kumeneko?"

Mkulu wa kofia uja anagwedeza mutu mokhutira. "Lero akugwira ntchito mwamphamvu. Tikumva."

Anthu amenewa anathawa kulira kwa mfuti zenizeni. Tsopano anali atatchera khutu ku mfuti za masewera, n'kumaganiza kuti ndi maina awo akulowa m'kaundula limodzilimodzi.

"Eya," ndinayankha. "Akulemba."

Mawu amenewo anandiwawa m'kamwa kuposa fungo la m'kati muja. Ndinawoloka msewu, ndinagula mabotolo awiri, n'kubwerera. Ndinali nditanena eya kwa abwana, eya kwa adalaivala, tsopano eya kwa azakhali anga, ndipo mwa ma eya onsewo panalibe woona ngakhale mmodzi.

Ndinaika mabotolo patebulo, ndinapinda manja kumbuyo monga tinkachitira polankhula ndi ahedi kusukulu.

"Abwana, pepani. Che Dalaivala, pepani. Ndanena kuti zonse zili bwino, koma si zoona."

"Eya! Ajaji adzuka," anatero adalaivala. "Lasani, mphwanga."

Ndinanena zonse mwadongosolo. Ndinati ya pa kompyuta ilibe nyenyezi, ilibe mitundu, ilibe nyimbo, tizilombo take sitiuluka koma timakwawa, ndipo munthu amene anaona ya ku hotela sangaizindikire pokhapokha atauzidwa. Adalaivala anamenya tebulo ndi chisangalalo. Ndinatembenukira kwa iwo. Ndinati yawoyo yaphwanyidwa, yabedwa mzere, imaphethira ngati nyali yotha mafuta, ndipo nyimbo yake ikanamveka ku hotela alendo akanaitana wokonza. Kuseka kwawo kunaima.

"Ndiye yabwinoko?" anafunsa abwana, mawu atauma.

"Palibe, abwana. Zonse ziwiri n'zonyansa. Ndipo anthu ali panjawa akuganiza kuti phokosoli ndi maina awo."

Pa kompyuta tii, tii ankalirabe, kandege kopanda woyendetsa kakudikira kufa. Adalaivala anayamba kufunafuna nsapato zawo.

"Iwe unandiuza kuti ndi yomweyi," anatero abwana.

"Ine anandiuza kuti ndi mapasa," anatero adalaivala, osandiyang'ana. "Atamwa tiyi wanga wa mkaka."

Abwana anatulutsa disiki yawo, anaiponya m'dirowa, n'kukankha dirowayo ndi bondo. "Khala apo ulembe maina akowo, bwana woyera mtima. Akangoitana ku mzikiti, ine ndikudinda zimene zilipo, ndikutseka."

Inali 11 koloko itadutsa. Ndinazimitsa kompyuta, ndinalowetsa disiki ya maina, ndinayatsanso, n'kudikira khoswe uja akukute. Nthawi yopukuta mabatani panalibe. Ndinataipa pa mafuta omwewo, mamba akukakamira ku zala. Sindinataipepo mwachangu chotero, koma zala ziwiri ndi zala ziwiri, ndipo dzina la munthu sulemba mongoyerekeza, chifukwa chilembo chimodzi chikalakwika, kolandirira amamubweza. Mulu unkatsika pang'onopang'ono. Wotchi itafika 12 koloko ndinaona poyera kuti theka lokha ndi limene lilowe, ndipo fomu ya azakhali inali pansi penipeni.

Abwana anali pa windo atandifulatira. Adalaivala anali kukulunga zingwe. Ndinalowetsa dzanja pansi pa mulu, ndinasolola fomu ya azakhali, n'kuiika pamwamba. Ndinataipa dzina lawo ndi maina a adzukulu atatu. Ndinaitembenuza n'kuiika pa mulu wa zomalizidwa. Ndinataipanso mafomu ena angapo motsata mzere wake, ndipo nditangotenga yotsatira, mawu a ku mzikiti anamveka kuchokera cha kumsika.

"Basi. Sindikiza," anatero abwana.

Fomu imene inali m'manja mwanga inali ya mkulu wa kofia yoyera uja.

"Abwana, imodzi yokha iyi."

"Ndati sindikiza. Basi sidikira munthu."

Ndikanapanda kusolola ya azakhali, nthawi imene ndinathera poisolola ndi kuitaipa ikanakwanira ya mkuluyu. Ndinawerengera zimenezi pamene pulinta inkakuwa, ndipo ndawerengeranso kambirimbiri m'zaka zonsezi. Yankho silisintha.

Abwana anasaina, anadinda chidindo, ndipo pakona pa pepalalo panatsala chidindo china, cha chala chawo cha mafuta. Anandipatsa kuti ndikawerenge pakhonde, adalaivala n'kutulutsa tivi yawo, abwana n'kukhoma chitseko n'kutulukira kuseri.

Ndinawerenga maina mokweza. Amene anamva maina awo anaimirira n'kuyamba kumanga mitolo. Azakhali atamva lawo anaphimba nkhope ndi manja awiri. Nditafika kumapeto ndinapinda pepala, n'kuuza otsalawo kuti nthawi yatha, maina awo alowa mwezi wamawa. Mayi wina analira. Ena anangotola ana awo. Mkulu wa kofia anaimirira pang'onopang'ono, anakutumula mkeka wake, anaupinda, n'kubwera kudzandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Sikomo, mwanangu. Musadandaule. Tamva tokha mmene makina agwirira ntchito lero. Nawonso amatopa."

Dzanja limene anagwiralo linkanunkha nsomba.

Atabwera koswali, adalaivala anauza azakhali kuti akwere kutsogolo, osati chifukwa cha ulemu, koma kuti awagwirire tivi pamiyendo mpaka kunyumba kwawo, ingagwe pa mabampu. Azakhali anaikumbatira mosamala ngati mwana wodwala, osadziwa kuti n'chiyani. Lole ikunyamuka anatulutsa mutu pa windo.

"Ndikawauza bambo ako kuti tili ndi mwanadi mu ofesi!"

Lolemba lake abwana anandisamutsira ku nyumba yosungiramo katundu, kukasoka matumba ong'ambika. Anati pa kompyuta pakufunika munthu wodziwa kulankhula ndi akuluakulu. Mafomu otsala aja anataipa ndi mnyamata wina wa m'tauni amene sankadziwa Chiyao. Adalaivala sanandiitanenso kwawo. Azakhali analandira ufa ndi nyemba mwezi umenewo, ndipo adzukulu awo onse atatu anakula.

Mwezi wotsatira, Lachisanu lomaliza, ndinasiya singano n'kukaima kuseri kwa mtengo wa mango pamene ankawerenga maina. Ndinamvetsera mpaka kumapeto. Maina ambiri anali opotozedwa moti eni ake ankayang'anana asanaimirire. La mkulu uja sindinalimve, ndipo pa anthu onse anali pakhondepo panalibe wa kofia yoyera.